Maliro a Yotamu Kamphepo

Pali anthu angapo kuno ku Toronto, okalamba tsopano ngati ine ndemwe, amene akandiona kuukwati kapena kutchalitchi amagundana zigongono n'kuyamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Sindiwaimba mlandu. Ndinaziputa ndekha. Koma poti nkhaniyi yayenda m'kamwa mwa anthu ambiri, aliyense akuthirako mchere wake, ndati ndiifotokoze ine mwini wake mmene inayendera.

Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndinkagwira ntchito yoyeza magazi m'labotale ya chipatala china chachikulu m'katikati mwa mzinda. Akazi anga ankasamalira okalamba kunyumba ina yosungirako nkhalamba, ndipo tinkakhala m'kafulati ka zipinda ziwiri pansanjika yachisanu. Ndikaweruka, ndinkakhala patebulo lodyera ndi makina otayipira akalekale n'kumagogoda nkhani. (Chilembo cha "w" pamakinawo chinkamatirira. Tangoganizani kulemba Chichewa "w" akukanirira. Mawu aliwonse achitatu ndinkachita kumukoka ndi chala ngati nthata.)

Patatha zaka ziwiri, nkhani zinakwana khumi ndi imodzi. Panalibe kampani yosindikiza mabuku imene ikanazilandira, choncho ndinapita kwa nkhalamba ina ya Chipwitikizi imene inkasindikiza makadi a ukwati ndi mapepala a zakudya za m'malesitilanti. Inandisindikizira mabuku mazana awiri a chikuto chachikasu. Mutu wake unali Chisanu Sichidziwa Mlendo. Pansi pa mutuwo sindinalembe dzina langa. Ndinalemba lopeka: Yotamu Kamphepo.

Anthu akandifunsa chifukwa chake, ndimati masiku amenewo munthu wolemba ankagona khutu limodzi lili panja, poti kwathu makoma anali ndi makutu ndipo tonse tinali ndi abale kumudzi. Zimenezo n'zoona. Koma m'nkhani zanga munalibe ndale ngakhale pang'ono. Munali anthu oterereka pa chipale chofewa ndi osowa kogula ufa. Chenicheni n'chakuti ndinkaopa kusekedwa.

Kulemba kunali kosavuta poyerekeza ndi kupeza owerenga. Ndinayenda ndi chikwama m'masitolo a mabuku anayi. Kusitolo yoyamba, mtsikana wogulitsa analitembenuza kawiri konse n'kundifunsa ngati linali buku la nyimbo za kutchalitchi. Kwina anandifunsa kuti aliika pashelefu iti, ndipo titayendayenda sitolo yonse tinagwirizana kuti shelefu yake kulibe. Ndinasiyako limodzi m'chipinda chochapira zovala cha pamalo pathu, kuti ndione ngati wina angalitole. Analitoladi. Ndinakalipeza patapita masiku awiri lili pansi pa mwendo wa makina ochapira kuti asamagwedezeke.

"Inu," anatero akazi anga tsiku lina, atapunthwa pabokosi kachitatu, "anthu owerenga Chichewa mumzinda muno mukuwadziwa onse ndi mayina awo. Mukuvutikiranji ndi azungu? Apititseni kwa eni ake chinenero."

Ankanena za msonkhano wathu. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia tinkakumana masana m'chipinda chapansi pa tchalitchi china ku Mississauga. Tinali ochepa, osadzaza n'komwe mabenchi asanu. Tinkapemphera, kuimba, kudya, n'kufunsana za kumudzi. Tsikulo ndinaimirira ndi mabuku m'manja, ndipo m'malo monena zoona ndinati, "Mnzanga wina wa ku Winnipeg walemba kabuku. Wandipempha kuti ndikugawireni. Mukawerenge, mukauzenso anzanu."

Ndinasankha Winnipeg poti kunali kutali, ndipo sindinkadziwa Mmalawi aliyense amene anafikako.

Mwezi wotsatira ndinapita kumsonkhano ngati mwana wa sukulu wokamva zotsatira za mayeso. Woyamba kuyankhula anali a Tembo, bambo a ku Chipata amene ankagwira ntchito yolandira katundu kubwalo la ndege, munthu wa mawu aakulu wosadziwa kunong'ona.

"Manje mnzanu uyu," anatero akutafuna ntchafu ya nkhuku, "nkhani zake zilibe mathero. Munthu akwera basi, aganiza, aseluka. Basi yapita, nkhani yasila. Ndiye ife tichite chiyani?"

"Inetu ndinamuuza zomwezo," ndinayankha, ndikuseka nawo.

Zinandipweteka, koma mukudziwa mmene munthu amatukulira bandeji kuti aone bala ngakhale adokotala aletsa. Ndinkafuna kumva zambiri. Ndi wolemba uti amene anakhalapo ndi mwayi womva anthu akukamba za buku lake mosanyengerera, iye ali pomwepo akuthira tiyi? Ndinkachita kuwasonkhezera. "Nanga ija ya mayi wa ambulera munaiona bwanji?" Wina anati inamugonetsa tulo. Wina anati chikuto chake chikufanana ndi khadi la kusikelo.

Amene sanaseke anali mayi Nachisale. Awa anali namwino wamkulu pachipatala chomwe ndinkagwira ntchito, a ku Dedza, okhala ku Oakville ndi amuna awo. Tonsefe tinkawatenga ngati mayi athu. Wobwera kumene ankayamba wagona kwawo, ndipo jekete langa loyamba la chisanu anandipatsa ndi iwo.

"Achimwene," anatero atandiitanira pambali, "mnzanuyu Chichewa amachidziwa, kungoti amathamanga. Koma chandidetsa nkhawa si chimenecho. Nkhani ija ya munthu amene amasiya wailesi ikulira akamapita kuntchito, kuti pobwera apeze mawu a munthu m'nyumba. Zoterezi sapeka. Munthuyu ali yekhayekha. Ali ndi banja?"

"Ayi, mayi, sanakwatire."

"Amapemphera kuti?"

"Aa, kumeneko matchalitchi ndi otalikira."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Kufakitale ya buledi."

Funso lililonse linkamumeretsa chiwalo chatsopano. Pofika nthawi yotseka msonkhano, Yotamu Kamphepo anali ndi kwawo, msinkhu, chifuwa chosamva mankhwala, ndi mwendo umodzi wotsimphina. (Za mwendozo palibe anandifunsa. Ndinangoona kuti zikumuyenera.) Pa pemphero lotsekera, mayi Nachisale anamutchula dzina, kupempha Ambuye kuti amukumbukire mbale wathu ali kutali m'chisanu. Ndinayankha "Amen" pamodzi ndi onse. Akazi anga sanayankhe.

M'basi pobwerera anangoyang'ana pawindo. Titatsala pang'ono kutsika anati, "Ine sindikunenerani bodza, komanso sindikuululani. Mwana mwabereka nokha, mulere nokha."

Mwezi winawo amayi anabwera ndi phukusi. Munali juzi yoluka pamanja, paketi ya ufa, ndi kathumba ka usipa wouma umene wina anabwera nawo kuchokera kumudzi. Muyenera kumvetsa kuti masiku amenewo usipa ku Toronto unali wosowa kuposa golide. Munthu ankatha kuusunga chaka chathunthu, kumangotsegula kathumba n'kununkhiza. Anandipatsa ine kuti ndikatumize.

Ndinafika nalo kunyumba. Ndinayang'ana akazi anga, n'kuyang'ana mphika.

"Musayerekeze," anatero. "Usipa umenewo ndi wa a Kamphepo."

Phukusilo linakakhala pamwamba pa kabati. Ine, m'malo molapa, ndinakhala pamakina n'kutayipa kalata yothokoza yochokera kwa Kamphepo, imene ndinakaiwerenga mokweza pamsonkhano. Amayi ena anapukuta misozi. Ndivomere pano kuti kalata imeneyo inalandiridwa bwino kuposa nkhani zonse khumi ndi imodzi, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndine mlembi. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anandipeza Lachitatu lina m'khonde la chipatala, pafupi ndi chikepe, nditanyamula thireyi ya timabotolo ta magazi. Mayi Nachisale anandiimitsa nkhope ili ngwee.

"Mulungu ndi wabwino, achimwene! Andisankha kupita kumsonkhano wa anamwino ku Winnipeg mwezi wamawa. Ndabukitsa kale tikiti. Mundipatse adiresi ndi nambala ya foni ya a Kamphepo, ndikawaone ndi maso."

 M'mutu mwanga munabwera nzeru yoti ndinene kuti munthuyo wasamuka, wachoka m'dziko muno. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, "Aa, mayi, musavutike. Munthuyo anatisiya sabata yatha."

"Mayo ine!" Anagwira pamtima. "Chifuwa chija?"

Nthawi yomweyo chimkuzamawu chinaitana dzina lawo kuti athamangire kuwodi. Anandigwira dzanja, maso atadzaza kale misozi, n'kunena kuti, "Limbani mtima," ndipo anathamanga.

Ndikanatha kuwathamangira. Khondelo linali lalitali ndipo ndinkawaona mpaka kumapeto. Ndikanatha kuwaimbira foni madzulo ake. Koma ndinaima pomwepo ndikuganiza kuti, kodi vuto langali silatha lokha? Wakufa safuna adiresi. Akazi anga sindinawauze kanthu.

Chimene ndinaiwala n'chakuti Mmalawi ukhoza kumuchotsa kwawo, kumuveka majekete atatu, koma maliro sangawalole kudutsa osakhuza.

Loweruka masana, ndili pakhonde la fulati ndikufukula dothi m'zitini zanga (ndinkayesa kulima nkhwani m'zitini, ndipo chaka chilichonse chisanu chinkandiphera), belu linalira. Akazi anga anatsegula. Pakhomo panali mayi Nachisale, kumbuyo kwawo amayi asanu atamanga zitenje pamwamba pa majasi, miphika ili m'manja, kenako azibambo atavula zipewa. Ena anachokera ku Oakville pasitima, ena anasinthanitsa mashifiti.

"Pepani, pepani mayi," anatero akulowa.

"Zikomo," anayankha akazi anga. "Koma wamwalira ndani?"

"Kodi bambo sanakuuzeni? A Kamphepo."

Akazi anga anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Takhala m'banja zaka zambiri, koma kayang'anidwe kameneko ndinakaona kamodzi kokha.

Amayi anakankhira mipando kukhoma n'kukhala pansi miyendo atatambasula, monga timachitira. Azibambo anakhala pamipando, ndipo a Tembo, posowa pokhala, anakhala pabokosi la mabuku. Nyimbo inayamba. Akazi anga anandikokera kukhitchini.

"Mwamupha?"

"Sindinamuphe. Lilime linaterereka."

"Muwauza inu kapena ndiwauze ine?"

"Ndiwauza. Ndingodikira nyimboyi ithe."

Nyimboyo inali ya ndime zisanu ndi imodzi. Itatha, ndinatsegula pakamwa, koma wina anali atayambitsa kale ina. Itatha imeneyo panabwera pemphero. Pemphero litatha ndinaimirira ndithu, ndipo mkulu wa mpingo amene ankatsogolera mwambowo anandikhazika pansi ndi dzanja. "Inu ndinu ofedwa, muyankhula pomaliza. Tiyambe tamva kwa amene anawerenga buku la malemu."

Apa ndiye pamene pali tchimo langa lalikulu. Ndikanaumirira. Koma atangonena kuti "buku la malemu", makutu anga anaima ngati a galu. Ndinadziuza kuti ndimveko pang'ono chabe.

Abale anga, buku limakoma mwini wake akafa! Mayi amene anati linawagonetsa tulo ananena kuti analiwerenga osaliika pansi. Wa khadi la kusikelo uja anati ngakhale chikuto chake chikuonetsa kuti malemu anali munthu wodzichepetsa. Mayi Nachisale anayankhula motsitsa. Anati malemu analemba zimene tonsefe tinaziona chaka chathu choyamba kuno koma tinkachita manyazi kuuzana, ndipo anati bukuli lidzawerengedwa ndi adzukulu athu. Ndinalira. Anthu anandisisita pamsana poganiza kuti ndikulira mnzanga.

Kenako anaimirira a Tembo.

"Ine poyamba sin'namvetse," anayamba, mawu akugunda mawindo. "Manje namvetsa. Munthu uyu anali kudziwa kuti apita. Kumbukani nkhani yothera, munthu aimirira pa siteji m'chisanu. Akuti chiyani pothera pake? Akuti, 'Ndinadikira imfa, ndipo inabwera mochedwa monga mwa masiku onse.' Mwaona? Anali kutilaira, kutitsazika!"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine magazi anandithamangira kumutu. Chiganizo chimenecho ndinachikonza kanayi konse. Chinandidyera sabata yathunthu.

"Ayi!" ndinakuwa nditaimirira. "Si imfa, ndi basi! Ndinalemba kuti 'ndinadikira basi'! Imfa mwaitenga kuti? Tsegulani bokosi mwakhalapolo muone, mmene ndinalembera ndi momwemo!"

 M'nyumba munkangomveka chivundikiro cha mphika chikugwedera kukhitchini.

A Tembo anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana ine. "Munalemba... imwe?"

Panalibenso kothawira. Ndinafotokoza zonse nditaweramitsa mutu: dzina lopeka, fakitale ya buledi, mwendo, kalata. Akazi anga sanandithandize ndi liwu ngakhale limodzi. Anangokwera pampando, kutsitsa phukusi lija pakabati, n'kuliika pakati pa anthu, usipa uli momwemo osakhudzidwa.

Woyamba kuseka anali mtsikana wina wophunzira zaunamwino, amene anayesa kubisa ndi chitenje koma zinakanika. Kenako chiseko chinagwira nyumba yonse. A Tembo anaseka mpaka kutsokomola. "Wakufa wauka kuti akonze galamala!" anatero akumenya ntchafu.

Ndinayamba kupuma, poganiza kuti zathera m'nthabwala. Ndiye ndinaona mayi Nachisale. Anali ataimirira akuvala jasi, akumanga mabatani limodzilimodzi. Chiseko chinazima.

"Mchimwene wanga anamwalira kumudzi chaka chatha," anatero osakweza mawu. "Uthenga unandipeza ataikidwa kale. Sindinaponye dothi. Sabata ino ndalira anthu awiri, ndipo ndimati mwina pano ndipezako poti ndilire ndi anzanga. Misozi yanga inali yeniyeni, achimwene."

Anatuluka n'kutseka chitseko mwaulemu. Akanachimenyetsa, bwenzi zitandipepukira.

Otsalawo anadya, poti chakudya chinali chitaphikidwa kale ndipo anthu anachokera kutali. Ine sindinameze kanthu. Potuluka, aliyense anapempha buku lina loti akatumizire mbale wake ku Ottawa, ku Montreal, ngakhale ku Lusaka, kuti akaone "buku la munthu uja anadzikhuza yekha". Bokosi limodzi linatha tsiku lomwelo. Njira yofalitsira buku imene ndinaisaka m'misewu yonse ya mzinda ndinaipeza, koma sindingalangize munthu kuti aitsatire.

Kwa milungu iwiri mayi Nachisale akandiona kuchipatala ankangogwedeza mutu ngati akupatsa moni mlendo. Zimenezo zinandiwawa kuposa kusekedwa. Lamulungu lina masana, ine ndi akazi anga tinakwera sitima ya ku Oakville kukapepesa. Kwathu tikananyamula nkhuku yamoyo. Ife tinanyamula ya m'sitolo, youma gwaa ndi chisanu, yopanda mutu, ili m'pepala.

Anatilandira, kutikhazika pabalaza, n'kutisiya tidikire mpaka tiyi atawira. Ndinatsika pampando n'kugwada pakapeti. Mawu onse okoma amene ndinakonza m'sitima anandithawa, ndipo ndinangoti, "Mayi, ndinalakwa. Ndinaopa kusekedwa, ndiye ndinakuliritsani inu. Ndikhululukireni."



"Dzukani, mungandithere kapeti," anatero pomaliza. "Ndakukhululukirani. Koma mudziwe kuti tsiku lina mudzabwera ndi uthenga wa maliro enieni, ndipo ndidzayamba ndafunsa akazi anu."

Tinamwa tiyi. Anatiuza za mchimwene wawo, mmene ankakonzera njinga pa msika ndi mmene ankaimbira mluzu akamabwera kunyumba. Akazi anga analira nawo, ndipo ine ndinakhala chete, chinthu chimene ndikanachiphunzira kalekale. Pochoka mtima wanga unali utapepuka, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti chidwi chofuna kumva zimene anthu akunena za ine ndachisiya pakapeti pomwepo.

Lumbirolo linafika pakhomo basi. Ndikuvala nsapato, ndinamva pakamwa panga pakuyankhula pokha.

"Koma mayi, zija munanena tsiku lija, zoti adzukulu athu adzaliwerenga... munkanenetsa?"

Akazi anga anandiponda chala. Mayi Nachisale anatsegula chitseko, mphepo yozizira n'kulowa.

"Zimene zija ndinkauza malemu," anatero. "Inu muli moyo. Pitani mukalikonze."